Malaputopu Awiri a ku Bangula

Aphunzitsi awiri a pasekondale ina yoyendera kufupi ndi Bangula anapangana zogula malaputopu. Onse anali atayamba maphunziro a digiri ophunzirira kunyumba, aja opita kukoleji pa holide pokha, ndipo kulemba ntchito za kukolejiko pafoni kunali kutawakwana. Wamkulu wa iwo, bambo wapabanja, anatenga ngongole yodula kumalipiro. Winayo, mtsikana woyamba kumene ntchito, anakadandaula kwa bambo ake kumudzi, iwo n'kutulutsa ng'ombe m'khola kukagulitsa. Wogulitsa malaputopu anamupeza pa WhatsApp, mnyamata wa shopu ina ku Limbe. Anawatumizira zithunzi zokongola, pansi pake atalemba kuti: "Ex-UK, Core i5, RAM 8GB, SSD 256GB." Mtsikana uja atafunsa ngati awiriwo akusiyana penapake, yankho silinachedwe: "N'chimodzimodzi madamu, onse abwera m'katoni imodzi. Musadandaule." Ndalama zinapita pafoni, katundu anatsika mapiri aja pa minibasi kudzera pa Thabwa.

Kunja analidi ofanana: dzina limodzi pachivindikiro, nambala ya mtundu imodzi kunsi, mabatani omwewo. Kusiyana kunaonekera tsiku limene anakagwirira ntchito panja. Amene anakhalako ku Chigwa cha Shire akudziwa kuti masana m'nyumba ya malata simukhalika, kotero ntchito zambiri za mphunzitsi zimachitikira pamthunzi wa mtengo wa nimu. Pamthunzipo laputopu ya bambo uja inkawerengeka bwinobwino. Pa ya mtsikanayo zilembo zinkachita kufufuzidwa, ngakhale kuwala atakukweza mpaka pamapeto. Akangopendeketsa chivindikiro pang'ono mitundu inkasintha, zoyera n'kutuwa, zakuda n'kumbuwa. Ndandanda wa malikisi a ana umene unkaoneka wonse kwa mnzakeyo, kwa iye unkaduka, mpaka azichita kuusuntha uku ndi uku.

Anapirira, akuganiza kuti mwina ndi maso ake. Koma dzuwa la October litafika panabukanso china. Akamakopera mavidiyo a maphunziro kuchokera pa fulashi, ntchito inkayamba mothamanga, pakangopita kanthawi n'kuyamba kukwawa. Nthawi zina laputopu inkangoima osayankha, fani ikulira. M'mawa wina mu November anaiyatsa, sikirini inangoti bii, pakona pali timawu tachingerezi tonena kuti makina sakupeza poyambira. Ya bambo uja inali ikugwirabe ntchito patebulo lomwelo, m'kutentha komweko.

Anakwera nayo ku Blantyre. Wokonza makompyuta atamasula kunsi anapeza SSD ya dzina limene iye mwini anali asanalimvepo, yongomatidwa kapepala pamwamba. Inali itafa, ndipo zonse zinali momwemo zinapita nayo limodzi: mitu ya kafukufuku wake imene anali atalemba kale, mayeso amene anakonzera ana a Fomu 4, zithunzi za ukwati wa achemwali ake. Kwina kumene anasungako zinthuzi kunalibe. Atafika kwa wogulitsa anauzidwa kuti: "Pepani madamu, warranty yathu ndi ya mwezi umodzi. Komanso kwanu kuja kumatentha, mwina yapsa ndi dzuwa." Kalisiti kamene kanabwera ndi katundu kanangolembedwa dzina la laputopu ndi mtengo wake.

Chimene chimandiwawa pankhaniyi n'chakuti pa zimene mnyamata uja analemba pansi pa zithunzi panalibe bodza ngakhale limodzi. Core i5 inalimo, RAM inali 8GB, SSD inalidi ya 256GB. Bodza linali m'mawu aja akuti n'chimodzimodzi, ndipo n'kutheka kuti iyenso ankakhulupirira zomwezo. Ambirife timagula laputopu poyang'ana zinthu zitatu zimenezi, n'kusiya mafunso awiri amene adzatisautse pambuyo pake: kodi galasi limene maso anga adzaliyang'ana maola ambirimbiri ndi lotani, nanga kachipangizo kamene kadzasunge thukuta langa lonse anakapanga ndani? Bambo ake a mtsikanayu sangagule ng'ombe asanaione mano, asanaiyendetse kuti aone miyendo. Koma ndalama ya ng'ombe yawo inagula chinthu chimene palibe anachiyesa.

Makampani amene mayina awo timawaona pachivindikiro, a Dell, HP, Lenovo ngakhalenso Apple, masikirini amachita kugula kwa ena, chimodzimodzinso ma chip osungira zinthu amene amakhala mu SSD. Masikirini ambiri a malaputopu amachokera ku AU Optronics ndi Innolux a ku Taiwan, BOE ya ku China, LG Display ndi Samsung a ku South Korea, ndi Sharp ya ku Japan. Ma SSD amachokera ku Samsung, SK hynix, Micron, Western Digital (mpaka 2025) ndi Kioxia, imene mpaka 2019 inkatchedwa Toshiba Memory. Kampani yopanga malaputopu mamiliyoni siingadalire fakitale imodzi, chifukwa fakitaleyo ikaima nayonso yaima, komanso ogulitsa akachuluka mtengo umanenereka. Motero mtundu umodzi wa laputopu umatha kutuluka sabata ino ndi sikirini ya BOE, sabata yamawa ndi ya LG, pabokosi osalembapo kanthu.

Zimenezi zimachitika ngakhale pa katundu wodula. Mu 2011 anthu ogula MacBook Air anazindikira kuti ena apeza SSD ya Samsung, ena ya Toshiba, ndipo ya Samsung inkathamanga kuposa inzake ngakhale onse analipira mtengo umodzi. Ankazisiyanitsa poona zilembo zoyamba za nambala yake, SM kapena TS. Chaka chotsatira MacBook Pro ya sikirini ya Retina inatuluka ndi magalasi a makampani awiri, Samsung ndi LG. Ogula ambiri anadandaula kuti chithunzi chikakhalitsa pasikirini chimasiya chizimezime chake ngakhale utatsegula china, ndipo madandaulo ochuluka anali pa magalasi a LG, mpaka nkhaniyo inakafika kukhoti ku California mu 2013. Mu October chaka chomwecho Apple inalengeza kuti isinthira anthu mwaulere ma SSD ena a 64GB ndi 128GB a mu MacBook Air zogulitsidwa pakati pa June 2012 ndi June 2013, chifukwa ankatha kufa. Wogula wa ku America anali ndi shopu ya Apple yokabwezako katundu komanso khoti lokasumako. Wa ku Nsanje amene akugula makina omwewo patapita zaka alibe zonsezi.

Opanga ma SSD nawonso amasintha zam'kati dzina lili lomwelo. Mu 2021 zinadziwika kuti Crucial P2, imene inayamba ndi ma chip a mtundu wa TLC, inali itayamba kutuluka ndi a QLC. A TLC amasunga ma bit atatu m'kachipinda kalikonse, a QLC anayi. Kupanikiza kotereku kumatsitsa mtengo, koma kumachedwetsa kulemba ndiponso kumafupikitsa moyo wa chipangizo. Oyesa anapeza kuti P2 yatsopanoyo ikapatsidwa fayilo yaikulu, liwiro lake linkagwa mpaka kuchepera la hard disk yakale. M'chaka chomwecho Western Digital inavomera kuti inasintha ma chip a WD Blue SN550, n'kulonjeza kuti ikadzachitanso zotere idzasintha nambala ya mtundu. Mu 2022 MacBook Air ya M2 ya 256GB inatuluka ndi chip imodzi yosungira zinthu pamene ya M1 inali ndi awiri, ndipo SSD ya makina atsopanowo inapezeka yochedwa kuposa ya akale.

Komabe ndisakuopsezeni pachabe. Ngati laputopu yanu ili ndi SSD ya SK hynix pamene ya mnzanu ili ndi ya Samsung, ndipo ntchito yanu ndi kulemba, kuwerengera ndi kutsegula intaneti, kusiyanako simudzakumva n'komwe. SSD yolumikizidwa mwa njira ya SATA imalekezera pa liwiro la pafupifupi 550MB pa sekondi, ya NVMe yabwino imafika cha m'ma 3,500MB kapena kuposa, pamene hard disk ya m'laputopu imayenda cha m'ma 100MB. Kwa mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi, SATA ya kampani yodziwika ndi yokwanira. Ndipo palibe dzina loti n'kulilambira: Samsung 840 EVO inavuta mu 2014, mafayilo okhalitsa ankachedwa kutseguka mpaka kampani inatulutsa pulogalamu yokonzera vutolo. Zimene zimatipweteka kuno si kusiyana kwa makampani akuluakuluwa ayi. Zili pawiri pena.

Poyamba, dzina limodzi la laputopu limagulitsidwa ndi masikirini a magulu osiyana kuchokera kufakitale komweko, wogula woyamba n'kusankha malinga ndi thumba lake. Lenovo ThinkPad T480 ya 2018 inkapezeka ndi sikirini ya 1366 x 768 ya mtundu wa TN, yowala ma nits 220, komanso ya 1920 x 1080 ya mtundu wa IPS, yowala ma nits 250. HP EliteBook 840 G3 ya 2016 nayonso inkapezeka ya 1366 x 768 ndi ya 1920 x 1080. Manambalawa akunena kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi: yoyambayo ili ndi timadontho topitirira pang'ono 1 miliyoni, yachiwiriyo topitirira 2 miliyoni. N'chifukwa chake ndandanda wa malikisi unkakwana kwa bambo uja koma n'kumaduka kwa mtsikanayo. TN ndi yotchipa, ndipo imaoneka bwino ukaiyang'ana chamaso ndithu. Ukangosuntha mutu mitundu yasokonekera. IPS imaoneka chimodzimodzi ngakhale uli chapambali, zimene zimathandiza anthu atatu kapena anayi akazungulira laputopu imodzi monga timachitira kusukulu ndi kumagulu a alimi. Makampani a ku Ulaya pogulira antchito awo makina mazanamazana ankasankha zotchipa kawirikawiri, chifukwa antchitowo muofesi ankalumikiza ku sikirini yaikulu ya patebulo. Makina omwewo ndi amene akatha ntchito kumeneko amatipeza ife.

Pachiwiri ndi pamene panagwera mtsikana uja. Makampani ambiri akunja akamataya makompyuta akale amachotsamo zosungira n'kuziphwanya, kuopa kuti zinsinsi zawo zingatuluke. Laputopu imafika kwa wamalonda ilibe SSD, ndiye wina, kaya ku Dubai, ku Johannesburg kapena konkuno, amaikamo ina. Wachilungamo amaika yabwino n'kukuuzani. Wofuna phindu lamsanga amaika yotchipitsitsa imene waipeza, kapena yakale yotopa yochokera m'makina ena. Alipo ngakhale ma SSD achinyengo amene amaonetsa malo ambiri kuposa amene alimodi. Sikirini ikafika yosweka amaikanso iliyonse imene yakwana pamalopo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, laputopu yatsopano inatalikira anthu ambiri, tonse tinathamangira ku zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo wamalonda amene amavutika kupeza ndalama zakunja amayesedwa kupungula pamalo pamene wogula sayang'ana.

Tsono mnyamata wa ku Limbe uja ponena za kutentha kwa kwathu ananena zoona, ngakhale ankazinena pothawa mlandu. Apple imalemba kuti malaputopu ake azigwira ntchito pamalo otentha pakati pa madigiri 10 ndi 35. Ku Ngabu, ku Nchalo, ku Bangula ndi ku Nsanje, masiku ambiri a October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumaposa pamenepo. Ma SSD ambiri a anthu wamba anapangidwa kuti asapitirire madigiri 70 m'kati mwake. Akayandikira pamenepo amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse. Mpweya wolowa m'makina ukakhala wotentha kale, fumbi la chilimwe litatseka potulukira mpweya, laputopu ili pabedi kapena pamiyendo, malire amenewa safuna nthawi kuti afikidwe. Chipangizo chimene chikanapirira ku Dedza kapena ku Mzuzu, kuno chimaonetsa kufooka kwake m'chilimwe choyamba. Koma kumbukirani kuti laputopu ya bambo uja inali m'kutentha komweko osafa. Dzuwa linangoulula chimene chinali chofooka kale.

Palinso china chimene ambiri sitidziwa. SSD imasunga zinthu pogwira timphamvu ta magetsi m'tizipinda take, ndipo timphamvuti timatayika pang'onopang'ono makina akakhala ozima. Bungwe loika miyezo ya zipangizozi, JEDEC, limafuna kuti SSD ya munthu wamba imene yatha mphamvu zake zolembedwapo izisungabe zinthu kwa chaka chimodzi ili yozima pamalo a madigiri 30. Kutentha kukakwera, nthawiyo imafupika. SSD yatsopano ilibe vuto lalikulu pamenepa, koma yotopa ya kaunjika yotsekeredwa m'sutikesi miyezi yambiri m'nyumba yotentha si malo osungirapo satifiketi kapena kafukufuku. Ndiponso SSD kawirikawiri siichenjeza. Hard disk isanafe inkayamba kugogoda ndi kulira, munthu n'kupeza mpata wopulumutsa zinthu. SSD imatha kugwira ntchito madzulo, m'mawa osadzukanso, ndipo kutulutsamo zinthu ikafa n'kovuta ndiponso kodula kwambiri.

Sikirini yosawala nayo imakhudzana ndi magetsi. Munthu akamagwirira ntchito panja amaikweza mpaka pamapeto, ndipo sikirini ili m'gulu la zinthu zodya batire kwambiri m'laputopu. Batire la makina akale limakhala lotopa kale. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022: dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, mdima unali ponseponse. Ngakhale lero, amene ali kutali ndi mawaya a ESCOM amadalira kasola kapakhomo kapena kukatchajitsa pamsika. Laputopu ikamangozima mwadzidzidzi ili pakati polemba, mafayilo amaonongeka, ndipo SSD yosalongosoka imatha kufera pomwepo.

Ngati ndalama zikukukakamizani kusankha chimodzi, ine ndikuti sankhani sikirini yabwino. SSD ya malaputopu ambiri a muofesi imamasulidwa ndi kasikuluwu kamodzi, yatsopano ya kampani yodziwika imapezeka ku Blantyre, ndipo kuisintha ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Sikirini ndi yodula, nthawi zambiri imachita kuitanitsidwa kunja, ndipo iyenera kugwirizana ndi polumikizira pake, chifukwa ena amakhala a timano 30, ena 40. Chenjeraninso ndi timalaputopu totchipa tolembedwa eMMC 32GB kapena 64GB, komanso MacBook za zaka zaposachedwa: zosungira zake n'zowotcherera ku bolodi, sizichotseka. Zikafa, makina onse apita.

Musatumize ndalama pa chithunzi. Mtengo wa minibasi yopita ku Blantyre ndi wochepa pouyerekeza ndi mtengo wa laputopu, ndipo ngati simungathe kupita, tumani wachibale wodziwa makompyuta. Mukafika, iyatseni nokha. Mu Settings, pa Display, muone ngati palembedwa 1920 x 1080. Pendeketsani chivindikiro kutsogolo ndi kumbuyo; mitundu ikasintha kwambiri, imeneyo ndi TN. Pemphani kutuluka nayo pakhonde pamene pali kuwala kwa dzuwa, chifukwa m'shopu sikirini iliyonse imaoneka yowala. Tsegulani tsamba loyera lokhalokha, kenako lakuda lokhalokha, muone ngati pali timadontho takufa, mabala kapena mizere. Ngati pali malaputopu angapo a mtundu umodzi, aikeni pamodzi, onse muwakweze kuwala mpaka pamapeto, chithunzi chikhale chimodzi. Maso anu adzakuuzani zambiri kuposa wogulitsa.

Pofuna kudziwa amene anapanga zam'kati simufunika kumasula chilichonse. Mu Windows tsegulani Device Manager. Pa Disk drives padzaoneka dzina la SSD. Likakhala lachilendo, kapena pakangolembedwa kuti SSD 256GB popanda dzina la kampani, funsani mafunso. Pa Monitors, mu Properties, pa Details, sankhani Hardware Ids: zilembo za AUO ndi AU Optronics, LGD ndi LG Display, CMN ndi Innolux, SHP ndi Sharp, BOE ndi BOE yomweyo. Nambala yotsatira zilembozo mukaifufuza pa intaneti pafoni yanu imasonyeza mtundu wa galasi ndi kuwala kwake. Nyamulani pa fulashi kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo. Kamaonetsa thanzi la SSD m'maperesenti, maola amene yagwira ntchito, kuchuluka kwa zimene zinalembedwapo ndi kutentha kwake panthawiyo. Kenako koperani fayilo yaikulu ndithu, ya ma GB angapo, mukuyang'ana liwiro. Kutsika pang'ono n'kwachibadwa, koma likagwa mpaka kumakwawa, kapena kutentha kukathamangira ku madigiri 70 m'shopu yozizira ya ku Limbe, ganizirani mmene zidzakhalire ku Makhanga mu November. Malaputopu a Dell ali ndi Service Tag kunsi, a Lenovo ali ndi serial number. Mukazilemba pa tsamba la intaneti la kampaniyo mumaona zimene makinawo anatuluka nazo kufakitale, ndipo mumadziwa ngati wina anasinthamo.

Zimene mwapezazo zilembedwe palisiti: serial number ya laputopu, dzina ndi nambala ya SSD, manambala a sikirini, ndi kutalika kwa warranty. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu opusitsidwa pamalonda. Koma dandaulo limayenda ndi umboni, ndipo lisiti longolemba dzina la laputopu silingasonyeze kuti munalonjezedwa china n'kupatsidwa china. Mukafika nayo kunyumba, muziika patebulo kapena pathabwa, kumbuyo kutakwezedwa pang'ono kuti mpweya uzidutsa, ndipo ntchito zolemera muzichita m'mawa kapena usiku. Chilichonse chofunika chikhale pawiri, pa fulashi komanso pa imelo kapena Google Drive. Ife a kuchigwa, amene tinaona madzi a 2015, a Idai mu 2019 ndi a Freddy mu 2023 akulowa m'nyumba, tikudziwa kuti fulashi yosungidwa m'chikwama chimodzi ndi laputopu ikhoza kupita nayo tsiku limodzi.

Mawu anga omaliza apite kwa inu amene mumagula malaputopu ambiri nthawi imodzi ndi ndalama za anthu: makomiti a sukulu, makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, makopaletivu a alimi a nzimbe ndi thonje, zipatala, ndi mabungwe amene amatumiza achinyamata kumidzi kukalemba kaundula. Pepala loitanitsira katundu likangonena Core i5, RAM 8GB ndi SSD 256GB, mwapatsa wogulitsa ufulu wobweretsa galasi lililonse ndi chosungira chilichonse, ndipo simudzakhala ndi pomugwirira. Lembanimo kuti sikirini ikhale IPS ya 1920 x 1080, yowala ma nits osachepera 300 ngati idzagwira ntchito panja, ndiponso kuti SSD ikhale ya kampani yotchulidwa dzina, yochotseka, yokhala ndi warranty yolembedwa. Katundu akafika musayese laputopu imodzi n'kusainira zonse. Tsegulani bokosi lililonse, yesani iliyonse payokha, ndipo imene yasiyana ndi zimene munalemba ibwerere kwa mwini wake musanalipire.